Ndemanga: Kusamala pothandiza Syria kusasanduke kuzengereza

Pa 8 Disembala 2024, Bashar al-Assad adathawira ku Russia, ndipo ulamuliro wa banja lake, womwe udayamba ndi bambo ake Hafez al-Assad mu 1970, udathera pomwepo. Anthu adavina m'misewu ya Damascus. Ena adathamangira kundende ya Saydnaya kukafunafuna abale awo omwe adasowa kalekale. Koma gule amatha, ndipo akatha aliyense amabwerera kwawo. Ambiri mwa anthu a ku Syria atabwerera adakapeza kuti kunyumba kwatsala chibumi chokha.

Nkhondo yapachiweniweni yomwe idabuka mu 2011 idaononga zosasimbika. Ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idati anthu wamba oposa 300,000 adaphedwa m'zaka 10 zoyambirira zokha. Anthu oposa 6 miliyoni adathawira kunja, ambiri ku Turkey, Lebanon, Jordan ndi Germany, pomwe enanso mamiliyoni adasamuka m'midzi mwawo n'kumakhala m'misasa m'dziko momwemo. Bungwe la UNDP likuti mwa anthu 10 alionse, 9 ali pa umphawi. Mu Okutobala 2025 World Bank idawerengetsa kuti kumanganso dzikoli kungafune ndalama pafupifupi $216 biliyoni, zomwe ndi pafupifupi kakhumi chuma chonse chomwe dzikoli lidapanga mu 2024.

Ndalama zoterezi boma la Damascus lilibe, ndipo silingazipeze palokha. Ndiye maso onse ali kunja. Mayiko olemera nawo akuyenda monyang'ama, dzanja limodzi akupereka moni, lina lagwira thumba. Ife tikuti kusamala kwawoko kuli ndi chifukwa chomveka. Koma kusamala kwenikweni kuzioneka pa mmene ndalama ikuyendera, amene akuigwira komanso amene akuilondola. Kukasanduka kungokhala manja lende, kudikira tsiku lomwe Syria idzakhale yopanda banga, ndiye kuti mayikowo akuthirira mbewu ya nkhondo ina.

Tiyambe ndi chomwe chikuwachititsa mantha. Mtsogoleri wa boma logwirizira, Ahmed al-Sharaa, si munthu wochokera m'chipani cha ndale. Adatsogolera gulu la Nusra Front, lomwe lidali nthambi ya al-Qaeda m'dzikolo mpaka 2016, ndipo kenako adatsogolera gulu la Hayat Tahrir al-Sham lomwe lidagwetsa Assad. Dziko la America lidali litalonjeza $10 miliyoni kwa aliyense wothandiza kuti munthuyu agwidwe. Lero wavala suti, akulankhula za umodzi ndi malonda. Mwina wasinthadi. Koma nduna ya zachuma ya dziko lina lililonse ili ndi ufulu wofunsa kawiri isanasaine cheke.

Pa nkhani ya ubale wa mayiko, zinthu zathamanga kuposa mmene ambiri ankaganizira. Turkey ndi Qatar adatsegulanso maofesi awo a ukazembe ku Damascus mwezi womwewo wa Disembala 2024. Pa 3 Januwale 2025 nduna zoona za kunja za Germany ndi France, Annalena Baerbock ndi Jean-Noël Barrot, zidafika mumzindawo, ndipo zidaneneratu kuti thandizo la ku Ulaya lidzatengera mmene boma latsopano likusamalira amayi ndi mitundu ing'onoing'ono. Mu Meyi, Pulezidenti Donald Trump adakumana ndi al-Sharaa ku Riyadh, patatha zaka 25 atsogoleri a mayiko awiriwa asanakhalirane pansi, ndipo adalengeza kuti achotsa ziletso za chuma. European Union idachotsa zake mwezi womwewo. Britain idabwezeretsa ubale mu Julayi. Mu Seputembala al-Sharaa adalankhula ku msonkhano waukulu wa United Nations, zomwe mtsogoleri wa Syria adachita komaliza mu 1967, ndipo mu Novembala adalandiridwa ku White House. Chaka chisanathe, nyumba ya malamulo ya ku America idafafaniza lamulo la Caesar, lomwe linkalanga kampani ya dziko lililonse yochita malonda ndi boma la Syria.

Zithunzi za atsogoleri akugwirana chanza zachuluka ndithu. Nanga ndalama? Ku msonkhano wa ku Brussels mu Malichi 2025 mayiko adalonjeza mayuro 5.8 biliyoni, ochepa poyerekeza ndi 7.5 biliyoni a chaka cha 2024, ndipo gawo la ndalamazi n'lothandizira othawa kwawo omwe ali m'mayiko oyandikana nawo. Saudi Arabia ndi Qatar adalipira ngongole ya $15.5 miliyoni yomwe Syria idali nayo ku World Bank, zomwe zidatsegula khomo kuti bankiyo ipereke $146 miliyoni zokonzera magetsi mu Juni 2025. Ndi chiyambi chabwino. Koma mukaziyika pambali pa $216 biliyoni zija, zili ngati munthu wofuna K1,000 wapatsidwa ndalama yosakwana K1. Chaka chomwechonso ndi chomwe America idatseka bungwe la USAID, nkhani yomwe Amalawi sitikufunika kuuzidwa ndi munthu, ndipo pempho la United Nations la thandizo lachangu ku Syria silidapeze ngakhale theka la ndalama zomwe linkafuna.

Manambala akuluakulu akumveka kuchokera kwa amalonda a mayiko a Aluya. Gulu la makampani lotsogoleredwa ndi UCC Holding ya ku Qatar lidasaina pangano la $7 biliyoni lomanga malo opangira magetsi. DP World ya ku Dubai idasaina la $800 miliyoni pa doko la Tartus. Amalonda a ku Saudi Arabia adalengeza mapangano oposa $6 biliyoni mu Julayi 2025. Izi n'zolandirika. Tisaiwale kokha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pangano losainidwa pamaso pa makamera limatenga zaka lisanasanduke njerwa. Komanso wamalonda amapita komwe kuli phindu, monga madoko, mabwalo a ndege ndi nyumba zosanja za mumzinda. Sukulu ya kumudzi ku Idlib kapena mpope wa madzi ku Deir ez-Zor sizibweza ndalama ya munthu, choncho palibe kampani yomwe izithamangire.

Amene akuti tidikire kaye ali ndi umboni wawo, ndipo si wopepuka. Mu Malichi 2025, otsalira a Assad atathira nkhondo achitetezo m'zigawo za m'mphepete mwa nyanja za Latakia ndi Tartus, magulu ogwirizana ndi boma adabwezera polowa nyumba ndi nyumba kupha anthu a chipembedzo cha Alawi, komwe kumachokera banja la Assad. Komiti yofufuza yomwe boma lenilenilo lidakhazikitsa idapeza kuti anthu 1,426 adaphedwa, ambiri mwa iwo anthu wamba. Mu Juni munthu adadziphulitsa m'tchalitchi cha Mar Elias ku Damascus n'kupha opemphera oposa 20. Mu Julayi magazi adakhetsedwanso ku Sweida pa mkangano wa anthu a Druze ndi mafuko a Bedouin, ndipo asilikali a boma omwe adapita kukaleretsa adanenedwanso kuti adapha nawo anthu. Pa ndale napo, malamulo ogwirizira omwe adasainidwa mu Malichi 2025 adapatsa pulezidenti mphamvu zambiri kwa zaka 5, ndipo pachisankho cha aphungu cha mu Okutobala anthu wamba sadavote mwachindunji, pomwe gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando lidasiyidwa kuti asankhe ndi pulezidenti yekha. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mayiko opereka thandizo adapsanso kale zala kwina. America idathira ndalama pafupifupi $145 biliyoni pomanganso Afghanistan m'zaka 20. Zambiri zidalowa m'matumba a akuluakulu, zina zinkalipira asilikali ongolembedwa m'mabuku oti kulibe, ndipo mu Ogasiti 2021 boma lomwe lidamangidwa ndi ndalamazo lidagwa m'masiku owerengeka. Wokhometsa msonkho ku Berlin kapena ku Ohio akafunsa kuti ndalama yake ikupita kuti, sitingamunene kuti ndi wouma mtima.

Komabe mbiri yomweyo ili ndi phunziro lachiwiri lomwe ozengereza sakonda kulitchula. Mu Meyi 2003, America italanda Iraq, idathetsa gulu lonse lankhondo la Saddam Hussein. Amuna mazana a masauzande odziwa mfuti adadzuka m'mawa alibe ntchito, alibe malipiro. Ambiri adakalowa m'magulu a zigawenga, ndipo m'chipwirikiti chimenecho ndi momwe mudaphukira gulu lomwe lidadzakhala Islamic State. Al-Sharaa mwiniwakeyo adakamenya nawo nkhondo imeneyo ali mnyamata, mpaka adakhala m'ndende za asilikali a America ku Iraq. Tsopano mu Januwale 2025 boma lake lidathetsanso gulu lankhondo la Assad. Amuna amenewa ali m'midzi, ana akulira njala, ndipo mfuti m'dzikolo zili mbwee. Mwezi uliwonse womwe ukudutsa popanda ntchito ndi mwezi womwe wolemba anthu usilikali wa kutchire akupeza makasitomala. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ife kuno nkhani imeneyi sitikuimva ngati nthano. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, yomwe idatha zaka pafupifupi 16, idathamangitsira anthu oposa 1 miliyoni m'dziko lathu lino. Akuluakulu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mulanje akukumbukira misasa ija, ndipo ku Nsanje alendo adafika pochuluka kuposa eni mudzi. Njanji za ku Beira ndi Nacala zitaonongeka, katundu wathu ankazungulira mtunda wautali ndipo mitengo idakwera m'sitolo. Pomwe Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama ankasaina pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, panalibe amene akadalumbira kuti awiriwa asunga mawu. Renamo idali ndi mbiri yoopsa ya nkhanza kwa anthu wamba. Ku Angola, pangano longa lomweli lidasweka chaka chomwecho nkhondo n'kuyambiranso.

Mayiko othandiza sadadikire kuti aone kaye ngati Dhlakama walapa. United Nations idatumiza asilikali osungitsa mtendere. Asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri adatula zida, ndipo ankalandira kangachepe kwa zaka ziwiri, miyezi 6 yoyamba kuchokera ku boma, miyezi 18 yotsatira kuchokera kwa opereka thandizo, kuti munthu akafike kumudzi, alime, akolole kawiri asanaganizenso za mfuti. Padakhazikitsidwanso thumba lapadera lothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale. Chisankho chidachitika mu Okutobala 1994, ndipo anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adabwerera kwawo kuchokera m'mayiko oyandikana nawo, ambiri kuchokera kuno. Ntchito yozula mabomba okwirira pansi idatenga zaka zoposa 20, mpaka dzikolo lidalengeza mu 2015 kuti yatha.

Sitikunena kuti ku Mozambique zonse zidayenda myaa. Mfuti zidaliranso kuyambira 2013, ndipo mu 2016 tidalandiranso anthu othawa ku Kapise m'boma la Mwanza. Chaka chomwecho kudaululika ngongole zobisa za pafupifupi $2 biliyoni, IMF ndi mayiko othandiza n'kuimitsa ndalama zawo. Apa mpomwe pali phunziro lonse. Ndalama yoperekedwa msanga kwa msilikali wotula zida ndi kwa mlimi wobwerera kumunda idagula mtendere. Kutayirira poyang'anira akuluakulu a boma ndi komwe kudabala katangale. Opereka thandizo ku Syria akuoneka kuti atembenuza phunziroli: akufulumira kukumbatira akuluakulu, akuchedwa kufikira munthu wamba.

Tikudziwanso amene amalira thandizo likaima. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, mayiko omwe ankathandiza pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yathu adatseka mpope. Adali ndi chifukwa, ndalama zidabedwadi. Koma amene adagona pansi m'chipatala chopanda mankhwala si amene adaba. Ku Syria nakonso, ziletso za zaka zonse zija sizidamulepheretse Assad kudya bwino. Amene ankakhala ndi magetsi maola awiri kapena atatu patsiku ndi anthu wamba.

Ndiye kusamala kwanzeru kukhale kotani? Choyamba, pali zinthu zosafunika kudikira kuti ndale zikhale bwino: madzi, magetsi, zipatala, sukulu, mbewu ndi kuzula mabomba. Chichokereni Assad, anthu mazanamazana, ambiri mwa iwo ana ndi alimi, aphedwa ndi mabomba otsalira m'minda ndi m'mabwinja. Bomba lokwiririka silifunsa kuti wapondayo ndi Msunni, Mkhristu kapena Mkurdi. Ndalama za ntchito zotere zingathe kudutsa m'thumba limodzi loyang'aniridwa ndi World Bank kapena United Nations, owerengera ndalama oima paokha akuona, makhonsolo a m'madera akutenga nawo mbali, ndipo chigawo chilichonse chikulandira, kuphatikizapo cha kunyanja, cha Sweida ndi cha Akurdi kumpoto chakum'mawa. Thandizo likamangofika kumadera okondedwa ndi boma, lidzakhala nkhuni pamoto.

Chachiwiri, ndalama zikuluzikulu zolowa m'bajeti ya boma ziziperekedwa pang'onopang'ono, gawo lililonse litamangiriridwa ku chinthu chooneka ndi maso. Boma lidakhazikitsa makomiti oona za chilungamo ndi za anthu osowa mu Meyi 2025, ndipo mlandu woyamba wa omwe akuganiziridwa pa kuphana kwa kunyanja udayamba ku Aleppo mu Novembala. Opereka thandizo afunse kuti milanduyo yafika pati, ndipo kodi akuzengedwa ndi anyamata otumidwa okha kapena ndi owatuma omwe. Afunse ngati bajeti yasindikizidwa, ngati makontrakiti a madoko ndi magetsi akuperekedwa poyera, ngati atolankhani akulemba momasuka. Zoterezi zimayezeka. Kungoti tiona kaye mmene zikhalire si mfundo, chifukwa boma la Damascus silingadziwe chomwe likuyenera kuchita kuti likhulupiridwe.

Chachitatu, pakhale ndalama yapadera ya amuna otula zida, a mbali zonse, monga zidachitikira kwa anansi athu. Kupatsa ndalama munthu yemwe adali msilikali wa Assad kumawawa mumtima, makamaka kwa amene adataya abale. Amene adazunza ndi kupha anthu ayankhe kukhoti. Koma unyinji wa asilikaliwo udali wa anyamata ogwidwa mokakamiza, ndipo kuwasiya ndi njala n'kodula kuposa kuwapatsa khasu ndi kangachepe.

Chachinayi, kuchotsa ziletso papepala sikukwanira ngati mabanki akuopabe. Mabanki ambiri akunja amakana ndalama iliyonse yokhala ndi dzina la Syria poopa kudzalipitsidwa chindapusa mawa. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni akudziwa kuti ndalama yotumizidwa kumudzi ndi imene imafolera nyumba ndi kulipira fizi. Anthu a ku Syria omwe ali ku Germany, Turkey ndi mayiko a Aluya ndi amene angayambe kumanga msanga kuposa boma lililonse, bola njira yotumizira ndalama ikhale yotseguka ndi yotsika mtengo. Maboma a America ndi ku Ulaya awauze mabanki awo momveka bwino chololedwa ndi choletsedwa.

Pali chinanso chomwe mayiko a ku Ulaya ayenera kudziyang'anira pagalasi. Patangopita tsiku limodzi Assad atagwa, Germany, Austria ndi mayiko ena adaimitsa kuunika mapempho a anthu a ku Syria ofuna malo obisala, ndipo andale ena adayamba kale kukamba zowabweza. Bungwe la UNHCR lidati pofika Seputembala 2025 anthu 1 miliyoni adali atabwerera kuchokera kunja. Simungauze munthu kuti kwanu kuli bwino, nyamuka, kwinaku mukuuza nduna yanu ya zachuma kuti dziko lomwelo n'losadalirika kuikamo ndalama. Ngati n'koyenera kubwererako, n'koyeneranso kumangako chipatala.

Mayiko ozungulira nawo asamapereke ndi dzanja lamanja n'kumagwetsa ndi lamanzere. Israel idaphulitsa malo ankhondo mazanamazana m'masiku oyamba Assad atathawa, idalowetsa asilikali m'dera lomwe pangano la 1974 lidati pasakhale asilikali kufupi ndi mapiri a Golan, ndipo mu Julayi 2025 idaphulitsa likulu la asilikali pakati pa Damascus. Turkey ili ndi asilikali kumpoto, Russia ikadali ndi malo ake ankhondo ku Hmeimim ndi Tartus. Dziko lililonse lili ndi nkhawa zake za chitetezo, koma palibe wamalonda amene angamange fakitale pamalo pomwe sakudziwa kuti mawa kugwa bomba la ndani. Akazembe amene akukonza misonkhano ya ndalama alimbikirenso nkhani yoti malire a Syria alemekezedwe.

Mtolo waukulu uli pamutu pa al-Sharaa ndi anzake. Chikhulupiriro sachita kupempha pamsonkhano, amachiona pa zochita. Mayi wa Chialawi ku Latakia akamagona osaopa kugogoda kwa usiku, Mdruze wa ku Sweida akamadutsa pa rodibuloko osafunsidwa za chipembedzo chake, ndalama zidzabwera mosavuta kuposa mmene zingabwerere ndi maulendo a ku Washington. Akalekerera magulu a zida kuchita zofuna zawo, asadzadabwe thumba likadzatsekedwa, ndipo ife sitidzawaikira kumbuyo.

Koma pakadali pano pali banja lomwe latsika basi kuchokera ku Lebanon, laima pabwinja la nyumba yawo ku Homs, likuwerengera ngati likhale kapena libwerere. Chomwe chiwapangitse kukhala ndi malata, mpope wotulutsa madzi, sukulu yotsegula komanso ganyu ya bambo. Zimenezi zikufunika chaka chino, dzinja lisanafike. Mayiko othandiza awerenge ndalama zawo kawiri, atumize owerengera, afunse mafunso ovuta, koma ndalamazo zifike.